Ena a ife buku timalilowera kudzera pa filimu

Mwalemba kuti filimu imapha chilakolako chowerenga buku. Pamenepo pokha sindikugwirizana nanu, akulu. Ine ndili ndi dyslexia, vuto lomwe limachititsa kuti kuwerenga kuzivuta. Ndili mwana kwathu kwa Santhe, ku Kasungu, b ndi d zinkandisokoneza. Mzere umodzi ndinkaubwereza katatu, chala chili pamawu, anzanga atatsegula kale tsamba lina. Ankanditcha mbuli, chonsecho masamu ndinkakhoza. Vutoli si kuchepa nzeru ayi, ubongo ndiwo umavutika kulumikiza zilembo ndi kamvekedwe kake.

Buku loyamba kulimaliza, ndinayamba ndaonera filimu yake pa foni ya achemwali. Mayina ndi nkhope ndinkazidziwa kale, ndiye mantha anachepa. Linanditengera miyezi iwiri, komatu m'menemo ndimo ndinamva zamumtima mwa mayi wam'nkhaniyo, zomwe filimu inazidumpha.