Dzina silimatidwa ndi guluu

Ndakhala ndikudzigwira kuyambira Lamulungu koma zandikanika, ndilembe basi. Achimwene amene munandiimitsa pageti la tchalitchi ku Mayfair, mukudzidziwa, dzina sinditchula.

Ambiri mukudziwa kuti ndine weta ku Sandton, pamalo pomwe mabwana amadzakhala pansi n'kumasuta ma cigar, zindudu zija zopichira pamanja ndi tsamba lokhalokha. Ine sindisuta, chifuwa changa chimakana. Yanga n'kudula kumutu, kuyatsa, kutaya phulusa. Ndiye achimwenewa akuti, "Mphwanga, timapepala tija timakulungidwa pa cigar, makasitomala akatisiya uzinditolera. Makamaka ta Padrón. Ndapeza kogula zotchipa, tizimata, ndalama tizigawana." Ine kukamwa yasa! Munthu Baibulo lili kukhwapa!

Nditakana anaseka. Akuti fodya ndi fodya, olemera amangopusitsana, chimene amalipira n'kapepala.

Ayi achimwene. Chimene amalipira ndi dzina, ndipo dzina si kapepala. Kapepala mutha kukamata ndi malovu. Dzina simungalimate.

Mukumudziwa mwini dzina mukufuna kubalo? José Orlando Padrón anabadwa mu 1926 ku Cuba, m'dera la alimi a fodya la Pinar del Río. Anachoka kwawo mu 1961 n'kukathera ku Miami ali chimanjamanja, ngati mmene ine ndi inu tinatsikira pa Park Station ndi kachikwama kamodzi. Mnzake anamupatsa kanyundo, nayamba maganyu a ukalipentala. Anasunga mpaka madola 600, ndipo mu 1964 anatsegula kampani yake ali ndi wopichira m'modzi yekha. M'modzi! Sanakatole kapepala ka munthu wina m'phulusa. Analemba dzina la bambo ake pa katundu wake, kuti zikaipa anthu adziwe womutukwana.

Mu 1970 anakatsegula fakitale ku Estelí, ku Nicaragua. Mu 1978 nkhondo ya kumeneko inaitentha. Anakapitiriza ku Honduras. Mu 1985 America inaletsa katundu wa ku Nicaragua, pomwe msika wake waukulu unali ku America komweko. Munthuyo sanasiye. Ndipo ija mukuikhumbira kapepala kake, 1964 Anniversary, inatuluka mu 1994, patapita zaka 30 chiyambireni. Fodya wa m'menemo amagonekedwa zaka zinayi asanapichiridwe. Wa mu cigar ina yotchedwa 1926 Serie, zaka zisanu. Tangoganizani, ndalama zako zili phee m'nkhokwe zaka zisanu, lendi ikukudikira, antchito akufuna malipiro, iwe osakhudza tsamba chifukwa silinapse. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mkuluyo anamwalira mu 2017 ali ndi zaka 91, ana ake akupitiriza.

Ndiye inu zaka zonsezo mukufuna kuzidumpha Loweruka limodzi ndi botolo la guluu?

Ndikuuzeni zomwe ndimaona ndi maso angawa. Kuno malamulo salola kutsatsa fodya, palibe chikwangwani pa M1 chouza munthu kuti suta yakuti. Komabe bwana amalowa, osayang'ana n'komwe mndandanda, n'kutchula dzina. Cigar imodzi yoposa ndalama yanga ya tsiku lonse, amalipira osaphethira. Chifukwa chiyani? Imene anasuta chaka chatha ndi imene akusuta lero n'chimodzimodzi. Imayaka mofanana, imakoka bwino, phulusa siligwa msanga. Wagula kusakhumudwa. Dzina ndi limenelo: kumuchitira munthu chinthu chomwecho kambirimbiri osamunamiza ngakhale kamodzi.

Komanso mukuwayesa ana anthu amenewa? Amainunkhiza isanayake, amaifinya ndi zala, amaitembenuza ngati mayi akusankha tomato pamsika wa Lizulu. Ya Padrón 1964 ndi yamakona anayi, si yobulungira. Ili ndi kapepala kachiwiri kokhala ndi nambala yakeyake, anakaika dala chifukwa cha anthu onga inu. Mukamata pa zanu zotchipazo, akangokoka kawiri mwagwidwa. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndikudziwa, ku Joni n'kolimba, mapepala akuvuta, kumudzi foni siileka kulira. Tonse tili momwemo. Koma umphawi sunauzepo munthu kuti abe dzina la mnzake.

Chimene chinandiwawa kwambiri n'choti inu achimwene ndinu a ku Kasungu ngati ine. Tinakulira m'chigafa tonse. Mukudziwa kuti fodya si fodya basi. Mukudziwa tsamba la pansi ndi la pamwamba, mukudziwa lomwe lauma bwino ndi lomwe lagwira nkhungu, manja anu anada ndi phula ngati anga. Lero mukuti fodya ndi fodya? Bambo anga akanakumvani akanakuthamangitsani ndi mkangala.

Ndipo matenda amenewa sitinawapeze kuno, tinabwera nawo pa basi. Ndi aja omwe timawaona podinda mabelo: tsamba labwino pamwamba ndi pansi, zinyalala pakati. Ena kuwaza madzi kuti belo lilemere pasikelo. Likatsegulidwa ku Kanengo kapena ku Chinkhoma n'kubwezedwa, tikulira kuti atikhomerera. Inde mitengo ya ogula imapweteka, sindikukana. Koma belo limodzi lachinyengo limaipitsa kalabu yonse. Zaka zoposa 100 tikulima fodya, tili m'gulu la mayiko olima fodya wa bale wambiri padziko lonse, koma tsamba lathu limatuluka m'dziko lopanda dzina, n'kukasakanizidwa m'ndudu za eni ake. Wosuta ku Germany sadziwa n'komwe kuti kuli Dowa. Fodya wa ku Nicaragua dzina lili pabokosi, ife tili pa kulemera kwa belo.

Dzina lokhalo lomwe tili nalo kuno ndi lija lakuti Mmalawi ndi wokhulupirika. Ndi lomwe linandilowetsa ntchito ine, ndi lomwe limapatsa alongo athu makiyi a nyumba za eni ake ku Randburg ndi ku Fourways. Analimanga ndi agogo athu a nthawi ya Wenela, pansi pa mgodi, thukuta lili kamukamu. Nalonso linagonekedwa zaka zambiri. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsogola. Tsiku lomwe weta wa ku Malawi adzagwidwe akutola timapepala m'phulusa, si ine ndekha ndidzachotsedwe, ndi aliyense wobwera pambuyo panga ndi pasipoti yathu.

Musandiimitsenso pageti. Ndipo R300 yanga ija munabwereka mu Marichi ndikuidikirabe.