Ndalama za magulu a kumudzi zikuthera kwa odziwa kulemba pulopozo

Abale anga, nkhani ya ndalama zomwe boma limati ndi zothandizira magulu a m'madera ine imandinyong'onya, ndipo lero ndiyankhulapo olo ena andikwiyire. Ndalamazi zikatuluka amazipeza ndani? Amene akukhetsa thukuta kumudzi, kapena amene amatha kulemba pulopozo m'Chingerezi?

Tengani sukulu ya mkombaphala. Amayi angapo, alezi ongodzipereka, amalawirira kumjigo, kusonkha moto, kuphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro zikapezeka. Chimanga amasonkha makolo nthawi yokolola, mbale imodzi imodzi. Ikafika Januwale ufa watha, ana nawonso amasiya kubwera. Kalasi yake ndi chisakasa chaudzu kapena khonde la tchalitchi. Ngati pali gulu loyenera thandizo la boma, ndi limeneli.

Ndiye auzeni kuti kwabwera mwayi wa ndalama. Pakufunika kalata yosonyeza kuti analembetsa ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, malamulo a gulu otayipidwa bwinobwino, akaunti ya ku banki ya anthu atatu osayinira, bajeti, ndi mafomu a Chingerezi chimene ngakhale wa MSCE amakanda nacho mutu. Osayinira onse atatu akwere kabaza, akwerenso minibasi mpaka pa boma, akauzidwe kuti abwana atuluka, mubwere mawa. Akaunti ikatseguka, banki imadula yake mwezi ndi mwezi, thandizo lisanafike n'komwe. Amayi aja amangogwira njakata n'kubwerera kumoto kwawo.

Wopata mwayiwo ndi mkulu wina wa pa tauni wokhala ndi laputopu. Bungwe lake lili m'chikwama: iye wapampando, mkazi wake msungichuma, mlamu wake mlembi. Tsiku lina amafika pa mkombaphala paja ndi sopo ndi mpira umodzi, kujambula ana akudya phala lomwe sanagule ndi iye, zithunzizo n'kukalowa mu lipoti.

Izi si zachilendo. Bungwe la National AIDS Commission litakhazikitsidwa mu 2001, ndalama zolimbana ndi Edzi zinayamba kufika m'magulu kudzera m'makhonsolo, ndipo ma CBO, timabungwe ta anthu a m'madera, anaphuka ngati bowa. Ena anagwiradi ntchito yotamandika, tisawanamizire. Koma ndalama zitayamba kuphwa, malo ambiri panatsala zikwangwani zokha zikuchita dzimbiri m'mbali mwa msewu. Amene anapitiriza kusambitsa odwala ndi kulera ana amasiye ndi omwe ankachita kale zimenezo ndalama zisanabwere, amayi a mvano ndi anzawo.

CDF, thumba la ndalama za chitukuko cha m'dera la phungu, nayo bwanji? Inayamba mu 2006, ndipo mu bajeti ya 2024/25 inafika K200 miliyoni pa dera lililonse la phungu. Pa pepala, zitukuko zimayenera kuchokera kwa anthu kudzera mu VDC ndi ADC, makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'dera la mfumu yaikulu. Koma tonse tikudziwa momwe zimakambidwira kumudzi: "Onolebo atipatsa malata." Ndalama ya msonkho wathu womwe n'kusanduka mphatso ya munthu, ndipo gulu lomwe wapampando wake anavala nsalu ya chipani china lidikire zaka zisanu. Mu 2025 khoti linagamula kuti aphungu asamalowerere pa kayendetsedwe ka thumbali. Ine ndinaomba m'manja, komabe kungochotsa phungu n'kusiya mafomu omwe aja sikuwapindulira kanthu amayi a mkombaphala.

Palinso kuchedwa. Gulu lomwe linalemba bajeti yake kwacha isanagwetsedwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, n'kulandira ndalama pambuyo pake, linakapeza simenti ndi malata zakwera kale. Nyumba imathera pa windo, kenako anthu ayambe kuloza chala komiti kuti yadya.

Ndikudziwa ena munena kuti mapepala ndi otetezera ndalama kuti zisabedwe. Zoona, ndalama ya boma siyingagawidwe pamanja. Koma wakuba wochenjera ndi amene amakhala ndi malisiti onse, osindikiza chidindo. Pepala limatchinga wosauka, wakubayo limamudutsitsa. Amene munalipo m'zaka za m'ma 1990 mukukumbukira MASAF, thumba la boma la zitukuko za m'midzi: anthu ankaumba okha njerwa, kututa mchenga, komiti ya m'mudzi n'kumasunga ndalama ndi kugula zipangizo. Zolakwika zinalipo, koma midadada ya sukulu yambiri ya nthawi imeneyo ikuphunzirirabe ana mpaka lero. Anthu akumudzi amatha kusunga ndalama. Onani banki mkhonde: kabuku kamodzi, bokosi la maloko atatu, ndipo pogawana tambala iliyonse imawerengedwa pamaso pa onse.

Chimene ndikupempha ine si chachikulu. Fomu ikhale ya tsamba limodzi kapena awiri, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao. Wa ku khonsolo apite yekha akaone ngati gululo lilipodi, afunse amfumu ndi makolo, osati kungowerenga zomwe zamufika pa desiki. Ndalama ikhale yochepa koma yobwera pa nthawi yake chaka ndi chaka, yoti agulire mbewu ndi feteleza wa munda wa gulu mvula isanagwe, kusiyana ndi mamiliyoni obwera kamodzi n'kuyambanitsa mudzi. Ndipo maina a magulu olandira, ndi kuchuluka kwa ndalama zake, amatidwe pa khoma la khonsolo, awerengedwenso pa wailesi za m'madera.

Chichokereni pomwe dziko la America linadula thandizo lake mu 2025, mabungwe ambiri akuluakulu achepetsa ntchito, ndiye maso onse ali pa thumba la boma. Inu a kwanuko, khansala wanu anakuonetsaniko mndandanda wa magulu omwe analandira ndalama chaka chatha? Mukamufunse, mudzatiuze pano chomwe wayankha.