Chithunzi kupezeka pa Facebook si kuti chasowa mwini

Bungwe lina, lokhala ndi ofesi yake, magalimoto ake ndi anthu olandira malipiro mwezi ndi mwezi, latulutsa posita yopemphera thandizo la anthu okhudzidwa ndi madzi osefukira. Papositapo pali mayi ali m'bwato, mtolo pamutu, mbuzi yomangidwa miyendo ili kumapazi kwake, akuwoloka kuchoka ku Makhanga nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Anajambula ndi mnyamata wa ku Bangula. Dzina lake lomwe linali pakona alidula, m'munsimo n'kulemba kuti "Chithunzi: Intaneti". Intanetiyo ndi mwana wa ndani? Inakwera bwato liti?

Kumeneku ndi kuba, tisakuzungulire. Ng'ombe zikamadya m'dambo ku Ngabu mbusa osaoneka, palibe amene amakusa imodzi n'kumati ndaitola. Chithunzi chili ndi mwini, ndipo mwiniyo ndi amene anajambula, pokhapokha ngati anagulitsa umwiniwo kapena anajambula ali pantchito ya abwana ake. Lamulo la Copyright Act la 2016 silifuna kuti munthu ayambe wakalembetsa kwinakwake. Wangodina batani, umwini wayamba pomwepo, kaya kamera ndi ya mamiliyoni kaya ndi kafoni kong'aluka galasi. Ndipo Malawi analowa m'pangano la Berne, la mayiko loteteza umwini wa ntchito zaluso, mu 1991, ndiye lipoti lanu lopita kwa opereka thandizo ku Ulaya silikuthawitsani, chithunzicho n'chotetezedwa kumenekonso.

Kaya ndi umbuli kaya ndi ulesi, zimenezo mudziwa nokha.

Ena mumati tikalemba kuti ulemu upite kwa mwini wake ndiye tathana nazo. Ayi. Kutchula dzina ndi china, kupempha chilolezo ndi china, ndipo zonse ziwiri n'zofunika. Ena mumati tinachipeza pa Google. Google imangokulozerani komwe chithunzi chili, sigawa zithunzi za eni. Enanso mumati mwini wake anaika yekha pa Facebook. Inde, anapatsa Facebook chilolezo chochionetsa, sanapatse inu. Mukadina Share, positi imayenda ndi dzina lake, palibe mlandu. Koma kudawuniloda, kudula dzina, kuikapo chizindikiro cha bungwe lanu, chimenecho si Share.

Kupempha n'kovuta pati? Mulembereni uthenga: chithunzi chake ndi ichi, tikufuna kuchiika papositi, pa posita kapena mu lipoti, kwa nthawi yakuti, dzina lanu tilemba chonchi, mtengo ndi zingati. Akayankha kuti eya, sungani uthengawo, tumizani ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, basi. Chilolezo cha positi imodzi sichifika pa kalendala kapena pa malaya. Ngati ndalama mulibe, pamasamba ena a pa intaneti, monga Wikimedia Commons, pali zithunzi za ziphaso za Creative Commons (CC), zomwe eni ake analoleratu kuti zigwiritsidwe ntchito, koma nazonso werengani: CC BY imafuna dzina la wojambula ndi chiphasocho zitchulidwe, yokhala ndi NC siilola malonda, CC0 ndiyo yomasuka. Zaulere zilipo, inu mukusankha kuba.

Akakugwirani ndiye mumayamba "pepani achimwene, tinachipeza pagulu la WhatsApp". Pepani sapoletsa chilonda. Posita yayenda kale, thandizo lalowa kale, mnyamata uja ngakhale ya bandulo sanaione.

Inunso ojambula a kuchigwa kuno, musamagone. Failo yoyamba ya m'kamera kapena m'foni isungeni pawiri, chifukwa mkati mwake mumakhala tsiku, nthawi ndi mtundu wa kamera, ndipo umenewo ndiwo umboni wanu. Chithunzi chikadutsa pa WhatsApp mwachizolowezi chimafinyidwa ndipo zimenezi zimafufutika. Kasitomala amene walipira mutumizireni ngati document. Pa Facebook ikani kope laling'ono, mbali yaitali mapikiselo 1,200 akwana, loti silingaoneke bwino pachikwangwani chachikulu. Dzina lanu musaliike pakona penipeni, pamene chala chimodzi chimadula. Liloweni mkati, lidutse pamadzi kapena m'mbali mwa bwato. Mukapeza wakuberani, musayambe ndi kutukwana mu ndemanga, afufuta positi musanagwire kanthu. Yambani mwatenga screenshot yoonetsa dzina la tsamba ndi tsiku, koperani linki, fufuzani ndi Google Lens kuti muone kwina komwe chafika. Kenako alembereni: chotsani kapena lipirani, pofika tsiku lakuti. Akakhala chete, Facebook ili ndi fomu yodandaulira za umwini. Imafuna linki ya positi yakubayo ndi poonetsa ntchito yanu yeniyeni, ndipo dziwani kuti dzina lanu amamuuza wodandauliridwayo. Tsamba lobwerezabwereza khalidweli limatha kutsekedwa. COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso, nayo ilipo kuyambira 1992, si ya oimba okha ayi.

Ndipo poti tayamba, mayi wa m'bwato uja anamufunsa ndani? Chaka chili chonse madzi akangodzaza Shire ndi Ruo, anthu amatsika chitunda cha Thabwa ndi makamera, kulowa m'misasa ya ku Nsanje ndi Chikwawa, kujambula ana ali mbulanda, agogo ali pamzere wa phala, osalonjera n'komwe. Zina ndi za 2015, zimangotulukanso ngati za dzulo pofuna kupemphera ndalama zatsopano. Mwana amene anali m'chithunzicho pano ndi wamkulu, ali ku sekondale, anzake akumuonetsa nkhope yake pafoni. Mukanalola mwana wanu ku Namiwawa kapena ku Area 47 ajambulidwe choncho?