Kuno ku Australia Medicare imathera pageti la ndende, a New Zealand atiposa

Lachiwiri lapitali kukiliniki kwathu kuno ku Perth kunabwera bambo wina wa mtundu wa Aboriginal, eni nthaka a dziko lino, imvi zayamba kale. Anali atatuluka kundende sabata yathayo. Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kapepala kokulunga, mkatimo mapiritsi atatu oyera ndi theka la lapinki. Akuluakulu a mtunduwu timawaitana kuti ankolo, ndiye ndinafunsa kuti, "Ankolo, amenewa ndi a chiyani?" Iwo akuti, "Oyerawo ndi a m'mawa, sisitala." Dzina la mankhwala sakulidziwa, matenda ake sakuwadziwanso. Titabaya chala kuyeza shuga, kamakina kanakana kupereka nambala, kanangolemba kuti HI, kutanthauza kuti shuga wakwera kopitirira muyeso.

Munthu wamwa mankhwala zaka ziwiri tsiku ndi tsiku osauzidwa kuti ali ndi shuga m'mawu oti amve. M'ndende mankhwala amabwera pakawindo, m'kakapu ka pepala. Umameza, n'kuyasamula kuti aone ngati sunabise pansi pa lilime, wotsatira abwere. Bokosi suliona n'komwe. Mzungu wotuluka geti lomwelo amafika akutchula yekha dzina la mankhwala ake a shuga kuti metformin, kawiri pa tsiku, ndipo amakufunsa chifukwa chake wamusinthira. Sikuti ndi wanzeru kuposa ankolo ayi. Chingerezi ndi chakwawo, ndipo anakula akukangana ndi madokotala. Ankolo Chingerezi anachiphunzira atadziwa kale zilankhulo ziwiri, ndipo munthu wa yunifolomu akawafunsa ngati amva, amangoti eya kuti nkhani ithe.

Chimene chikundiwawa ndi lamulo. Gawo 19(2) la Health Insurance Act ya 1973 ndi limene limachititsa kuti mkaidi asagwiritse ntchito Medicare, ndondomeko ya boma yolipirira anthu chithandizo cha kuchipatala. Ndondomeko ya PBS yotsitsa mitengo ya mankhwala nayonso imatsalira panja, kupatula mankhwala ochepa odula monga a hepatitis C. Kuyezedwa thupi lonse kumene munthu wa Aboriginal amalandira ali panja, kuja timati 715, m'ndende kulibe. Boma la dera lililonse limadzionera lokha, kwina n'kupereka ntchitoyo kwa makampani. Chonsecho eni nthakawa sakwana 4 pa anthu 100 alionse m'dziko muno, koma m'ndende amaposa mmodzi mwa atatu. Kafukufuku wamkulu wa imfa zawo m'manja mwa boma anatha mu 1991 ndi mfundo 339, koma mu Januwale 2020 Veronica Nelson, mayi wa Aboriginal, anamwalirabe m'chitolokosi ku Melbourne atayimba intakomu kambirimbiri kupempha thandizo.

Ine ndinagwirako unamwino m'ndende ina ku New Zealand zaka zinayi ndisanawolokere kuno kutsata ndalama, ngati anzanga ambiri. Kumeneko gawo 75 la Corrections Act ya 2004 limanena poyera kuti chithandizo cha mkaidi chifanane ndi cha munthu wapanja. Nambala yako ya chipatala, ija ya NHI, umalowa nayo n'kutuluka nayo. Koma chimene sindiiwala ndi mnzanga wina wa Chimāori, mtundu wa eni nthaka a kumeneko, akuthandiza bambo wodwala gout, nthenda yotupitsa mfundo za mafupa, chala chachikulu chakuphazi chitatupa ngati mbatata. Bamboyo ankangofuna opha ululu, piritsi la gout lotchedwa allopurinol ankakana ati sathandiza. Mnzangayo sanayambe ndi mankhwala. Anamufunsa phiri lakwawo, mtsinje wakwawo, agogo ake ndani. Ine ndikuyang'ana wotchi, mzere watalika. Atapezana kuti ndi a chigawo chimodzi ndi pamene anamufotokozera kuti piritsi ili silichotsa ululu wa lero, limatsitsa asidi m'magazi pang'onopang'ono, ndiye umamwa ngakhale phazi lili bwinobwino. Anamuuza kuti abwereze m'mawu ake. Patatha miyezi bamboyo ankandifunsa yekha nambala ya magazi ake. Mnzangayo ankatsata chiphunzitso cha 1984 cha dokotala wa Chimāori, Mason Durie, Te Whare Tapa Whā, choti thanzi ndi nyumba ya zipupa zinayi: thupi, maganizo, mzimu ndi abale. Mmalawi sangachione chachilendo chimenechi.

Ndisaname, New Zealand si kumwamba. Amāori sakwana mmodzi mwa asanu m'dzikomo koma m'ndende amaposa theka, ndipo kwa amayi ndiye zoopsa kwambiri. Bungwe lawo la zaumoyo, Te Aka Whai Ora, linakhazikitsidwa mu 2022, boma latsopano n'kulithetsa mu 2024 lisanamere n'komwe mano. Anamwino ndi ochepa chifukwa tonse tinathawira kuno, ine woyamba. Ndipo kuno ziliko zoyamika. Ku Canberra, chipatala cha eni nthaka cha Winnunga Nimmityjah chinayamba kulowa chokha m'ndende ya Alexander Maconochie mu 2019, kuti mkaidi azionana ndi anthu omwewo amene adzamuone akatuluka. Koma zoterezi n'zosowa m'dziko lalikulu ngati ili. Lamulo lija limapatsa nduna ya zaumoyo mphamvu yolola Medicare kugwira ntchito pamene yafuna, nanga cholembera chikuwalemera n'chiyani?

Mwina mundiseka, koma ndinalakalaka kabuku kathu ka kuchipatala kaja, kamene amayi amakasunga m'pulasitiki ya shuga. Kang'ambike, kanyowe, komabe mayina a mankhwala amakhala m'manja mwa mwini wake. Ankolo anatuluka ndi kapepala kopanda chilembo, ndipo ndinataya masana onse pafoni kusaka kalata yawo yotulukira, mpaka lero sinafike. Dokotala anawalembera mankhwala atsopano, ine ndinatenga pepala n'kujambula dzuwa pa a m'mawa, mwezi pa a usiku, mayina ndi zilembo zikuluzikulu. Ndawauza kuti Lachisanu abwere ndi mwana wawo wamkazi, amve nawo.