Kuwamba nyama usiku wonse m'chisanu cha Johannesburg: maganizo anga

Abale anga a kuno ku Johannesburg, Juni ndi Julayi akafika dandaulo limakhala lomwelo. Phewa la nkhumba kapena brisket (nyama ya pachifuwa cha ng'ombe) yaikidwa pamoto madzulo, thermometer ili pa madigiri 115 a Celsius, mwiniwake wakagonako pang'ono. Podzuka 3 koloko m'bandakucha akupeza moto uli pa 80, nyama yangoti phee. Kukacha amaloza chala makala, ati anali abodza. Ine ndikuona kuti makala timawanamizira kawirikawiri. Chimene chimagwetsa moto wa maola 10 kapena 12 ndi mphepo imene sitinaitchinge, komanso manja athu amene salola mabowo a mpweya a chowambira kupuma.

Tiyambe ndi malo amene tikukhala. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, choncho bowo lomwelo limalowetsa oxygen wochepa poyerekeza ndi ku Durban kapena ku Cape Town. Mukatsegula mabowo monga mwaonera pa YouTube kwa munthu wokhala m'mbali mwa nyanja, moto wanu umakhala wanjala. Kuno bowo la pansi limafuna kutseguka mowonjezerako pang'ono. Madzinso amawira pa madigiri pafupifupi 94. Ndiye mukamayesa thermometer yanu m'madzi owira n'kuona 94, musaitaye, ili bwinobwino. Ikaonetsa 100 ndiye kuti ikukunamizani ndi madigiri 6, ndipo muzichotsera nambala imeneyo usiku wonse. Pa mavidiyo a ku America mudzamva 225 ndi 250, amenewo ndi ma Fahrenheit. Kwa ife ndi 107 ndi 121.

M'chisanu musalimbane ndi 107. Moto waung'ono chotero uli pafupi kwambiri ndi kuzima, kamphepo kamodzi kokha kaugwetsa. Lozani pakati pa 120 ndi 130. Nyama idzafewa chimodzimodzi, nthawi idzafupikako, ndipo moto ukatsika ndi madigiri 10 mumakhalabe pabwino. Paja nyama siyenera kuchedwa pakati pa madigiri 5 ndi 60 mkati mwake, chifukwa m'menemo ndi momwe tizilombo timaswana. Moto wofooka pa maola oyambirira ndi nkhani ya m'mimba mwa anthu amene mudzawadyetse.

Tsono mphepo. Chitsulo cha Weber wa masentimita 57 (chowambira chozungulira chokhala ndi chivundikiro), ngakhalenso cha mgolo umene ambiri timadula n'kupanga chowambira, ndi chopyapyala. Usiku wozizira koma wabata chimataya kutentha mwa muyeso umodzi, ndipo mungathe kubwezera ndi makala owonjezera pang'ono. Mphepo ndiyo imasokoneza, chifukwa imachita zinthu ziwiri zotsutsana. Ikamakhula chivundikiro imaba kutentha. Ikalunjika pa bowo la pansi imakupizira makala ngati mvukuto, moto n'kulumpha kufika 160, n'kudya makala a maola atatu mu ola limodzi. Mphepo ikaleka mumatsala ndi phulusa. Ndi chifukwa chake Ogasiti, mwezi wa mphepo ndi fumbi kuno, amavuta kuposa usiku wa Julayi umene udzu umachita kuyera ndi chisanu.

Tchingani musanayatse. Ikani chowambira pakona pa makoma awiri, mbali yotsalayo muimike lata kapena musanje njerwa kufika msinkhu wa chivundikiro, kusiya mpata wa theka la mita kuti mpweya uziyenda. Bowo la pansi liyang'ane kumene mphepo ikupita. Makatoni ndi mapulasitiki ayi, amagwira moto. Ndipo pano ndikupemphani ndi mtima wonse: musalowetse chowambira m'galaja kapena m'chipinda pothawa mphepo, ngakhale chitseko chili chotsegula pang'ono. Makala oyaka ndi mpweya wochepa amatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba nyengo ino. Kuwamba kwa pang'onopang'ono ndi moto wopanidwa dala, ndiye umatulutsa wambiri. Panja basi, kutali ndi zenera la chipinda chogona ana.

Amene ali ndi ndalama pang'ono agule bulangeti la owotcherera zitsulo, lija losagwira moto. Lifunditseni pamwamba, mabowo onse akhale poyera, ndipo lisakhudze nyama chifukwa timaulusi take timayabwa. Bulangeti la pabedi limasungunuka ndi kumatirira pachitsulo.

Za makala, ine ndili kumbali ya ma briquette (makala oumbidwa kufakitale) pa ntchito imeneyi, ngakhale ndikudziwa kuti ambiri a ife tinakulira makala a mitengo ndipo timawakhulupirira. Pootcha nyama ya msangamsanga pa braai, a mitengo ndi abwino zedi. Koma m'thumba limodzi mumapezeka chikala chachikulu ngati chibakera ndi tizinyenyeswa, ndiye moto umayenda modumphadumpha. Ma briquette ndi ofanana kukula, amayatsana limodzi ndi linzake mwa liwiro lodziwika. Vuto lawo ndi phulusa lochuluka, tifikako. Khalani ndi matumba awiri a makilogalamu 4 ngakhale mukuganiza kuti limodzi likwana, ndipo musawasunge pa simenti kapena panja pogwa mame.

Pa Weber, sanjani mzere wokhota motsata khoma la mkati, anthu amautcha njoka. Nthawi yotentha ena amaika awiri pansi, limodzi pamwamba. M'chisanu ikani awiri pansi, awiri pamwamba, otsamirana ngati anthu pa mzere wa kuchigayo, popanda mpata. Mpata umodzi wokha ndi wokwanira kuti moto ufere pomwepo pakati pa usiku. Mzerewo uzungulire magawo atatu mwa anayi a bwalo, mutu ndi mchira zisakumane, apo ayi uyaka mbali zonse ziwiri. Yatsirani pambali ma briquette 12 mpaka 15, adikireni mpaka atayera phulusa, kenako muwathire kumutu kwa mzere. Pa mgolo, dzazani dengu la waya ndi makala osayatsa, oyakawo muwathire pamwamba pakatikati.

Nkhuni za utsi zikhale zidutswa zitatu kapena zinayi zouma, zazikulu ngati dzira la nkhuku kapena kuposerako pang'ono, zoikidwa pa theka loyamba la mzere. Nkhuni za mitengo ya sekelbos ndi kameeldoring zimapezeka paliponse pogulitsa nkhuni, mitengo ya zipatso ndi yabwinonso. Musaziviike m'madzi, mungoziziritsa moto. Paini, matabwa a ma pallet ndi chilichonse chopakidwa penti kapena mankhwala chisayandikire nyama.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pokweza moto. Yambani mabowo onse ali otsegula, ndipo thermometer ikafika cha m'ma 95 ikukwerabe, chepetsani bowo la pansi kufika pa gawo limodzi mwa magawo atatu. Musadikire ifike 120, chifukwa pofika pamenepo makala ambiri agwira kale moto ndipo kuutsitsa kumatenga nthawi yaitali kuposa kuukweza. Lolani chitsulo chonse chitenthe kwa mphindi 30 mpaka 45 musanaike nyama. Nyama yozizira ya makilogalamu anayi ikalowa, nambala idzatsika. Zisiyeni, idzabwerera yokha.

Bowo la pamwamba lisatsekedwe kupitirira theka. Ndilo limakoka mpweya kuchokera pansi. Mukalitseka poganiza kuti mukusunga kutentha, utsi umadikha mkatimo, nthunzi imaundana pa chivundikiro chozizira, n'kuyamba kudontha madzi akuda owawa pa nyama. Amene anaonapo owamba nsomba kunyanja amadziwa kuti utsi wabwino ndi woyenda. Muzifuna utsi wopyapyala wooneka ngati wa buluu pang'ono. Woyera wa tolotolo ukutanthauza kuti moto ukubanika. Bowo la pamwambalo likhale mbali ya nyama, kutali ndi pamene pakuyaka, ndipo moto ukamayenda ndi mzere muzitembenuza chivundikiro ndi waya wa nyama.

Chowongolera ndi bowo la pansi, ndipo apa ndi pamene ndikuumirira. Sunthani pang'ono, ngati mamilimita awiri kapena atatu, lembani chizindikiro ndi choko, ndiye dikirani mphindi 15 mpaka 20. Makala sayankha nthawi yomweyo ngati chitofu cha gasi. Munthu amaona 112, amatsegula. Pakatha mphindi zisanu palibe chasintha, amatsegulanso. Pakatha theka la ola ali pa 150, amatseka zonse, moto n'kubanika. Usiku wonse amangothamangitsana ndi nambala imene anaisokoneza yekha. Kusinthasintha kwa madigiri 10 kukwera kapena kutsika nyama sikumva n'komwe. Chimodzimodzi chivundikiro: mukatsegula mumataya kutentha, komanso mumamwetsa makala mpweya wambiri, ndiye nambala imagwa kenako n'kupitirira pamene inali. Gulani thermometer ya chingwe, kachitsulo kamodzi pa waya pafupi ndi nyama, kena mkati mwa nyama. Ya pa chivundikiro imayeza pamwamba, ndipo m'chisanu imasiyana kwambiri ndi pamene pali nyama.

Mbale ya madzi imathandiza kuti kutentha kusamalumphe, koma thirani madzi otentha a m'ketulo. Ozizira amadya moto. Mpweya wa kuno nyengo ino ndi wouma, madzi amatha msanga. Usiku wozizira kwambiri njerwa ziwiri zokutidwa ndi foil zimagwira ntchito bwino kuposa madzi, chifukwa zimasunga kutentha popanda kuwononga makala pa nthunzi.

Moto ukayamba kutsika pang'onopang'ono pakatha maola asanu kapena asanu ndi limodzi, mabowo musanawakhudze, ganizirani phulusa kaye. Limakwirira makala ndi kutseka mabowo a pansi. Pa Weber gwedezani chogwirira chosesera phulusa, chomwenso chimatsegula bowo la pansi, kawiri katatu mofatsa, n'kuchibweza pa choko paja. Pa mgolo menyani mwendo wa dengu kapena mbali ya mgolo pang'ono, osati mwamphamvu kuti phulusa liulukire nyama. Ngati makala athadi, yatsirani ena pambali n'kuwathira ali moto. Ozizira pa moto wofooka amangofuka utsi woyera.

Pali nthawi imene nyama imaima pakati pa madigiri 65 ndi 75 mkati mwake kwa maola angapo. Ambiri amati ndi chisanu, amakoleza moto. Ayi, nyamayo ikutuluka thukuta ndipo likudziziziritsa yokha, zimachitika ngakhale mu Disembala. Khungu lakunja likada bwino ndipo silikuchoka mukalikanda ndi chala, ikuteni ndi foil kapena pepala la mubutchala. Ikakutidwa utsi sufikanso, choncho kuimalizira mu uvuni wa m'nyumba pa 120 palibe cholakwika. Ndipo poti madzi amawira pa 94 kuno, musadikire 95 ya m'mavidiyo. Kuyambira pa 88 muzibaya ndi kachitsulo, kakalowa mosakakamiza ngati mu mbatata yophika, yapsa.

Nthawi yovuta kwambiri ndi kuyambira 4 koloko mpaka dzuwa litatuluka cha m'ma 7, makamaka kwa okhala m'zigwa ngati m'mbali mwa mtsinje wa Jukskei kumene mpweya wozizira umatsikira. Tsegulaniko bowo la pansi pang'ono cha m'ma 3, moto usanagwe. Dzuwa likangomenya chivundikiro chakudacho kutentha kumakwera kokha, ndiye bwezani bowolo pa choko. Nyama ikapsa isakhale panja pa mbale yozizira. Ikulungeni ndi matawulo ili m'foil momwemo, muiike mu cooler box kwa ola limodzi kapena awiri musanaidule.