Apatseni aluso nyumba zongokhala, koma pangano lilembedwe

Maganizo anga ndi akuti tawuni imene ikufuna kudzuka isathamangire chikondwerero cha masiku atatu. Iyambe ndi makiyi a nyumba zotsekedwa. Shopu imodzi ikatseka, yoyandikana nayo imayamba kudwala, chifukwa anthu sakonda kudutsa pakhonde lamdima.

Ku Newcastle, m'dziko la Australia, munthu wina dzina lake Marcus Westbury anayambitsa bungwe la Renew Newcastle mu 2008, mashopu ambiri a mumsewu wa Hunter Street atatsekedwa. Eni nyumba ankabwereketsa malo kwa ojambula, osoka zovala ndi aluso ena pa pangano la masiku 30 lomangopitirira lokha. Mwini akapeza wolipira lendi yonse, aluso ankapatsidwa masiku 30 kuti atuluke. Za inshuwalansi bungwelo ndi limene linkasamalira. Mwini nyumba analibe chotaya: nyumba ikusesedwa, muli anthu, akuba akuopa.

Phindu la tawuni limabwera mwakachetechete. Wosema amagula guluu, vanishi ndi misomali pafupi, amafuna wonyamula katundu, amafuna wosindikiza zikwangwani. Wobwera kudzaona zithunzi amakhalitsa mumsewumo, n'kulowanso m'mashopu ena.

Koma kulowetsa anthu m'chinyumba chakale si kungotsegula loko. Yambani ndi denga ndi magetsi. Ng'anjo yamagetsi yowotchera mbiya ndi makina owotcherera zitsulo zimakoka mphamvu zambiri. Mukazilumikiza pa waya umodzi ndi makina osokera, magetsi azingothima, kapena waya wakale atenthe mkati mwa khoma. Zimenezi zikhale ndi waya wake ndi mita yake, apo ayi bilu ikabwera ubale utha. Wopala matabwa asakhale chipinda chimodzi ndi wopenta: fumbi limamatirira pa penti wosauma, ndipo thina, mankhwala osungunulira penti, sagwirizana ndi nthethe za moto. Wopentayo apatsidwe mbali yokhala ndi mawindo oti mpweya uzidutsa. Woumba aike ndowa pansi pa sinki kuti dongo lizidikha madzi asanalowe m'paipi, chifukwa dongo likalowamo limatseka njira yonse. Pansi pake azikolopa, osasesa, popeza fumbi la dongo louma limawononga mapapo pang'onopang'ono. Oimba apite kumbuyo kwenikweni.

Pawindo loyang'ana kumsewu muike munthu amene ntchito yake imaoneka: woluka, woumba, wosoka. Odutsa amaima akaona manja akugwira ntchito kusiyana ndi akaona katundu wongoyalidwa. Ndipo chitseko chizitsegulidwa pa maola odziwika, olembedwa pakhomo. Apa m'pamene malo ambiri amafera. Aliyense akuganiza kuti mnzake atsegula, mlendo n'kupeza loko kawiri, osabweranso.

Chimene chimandiwawa n'chakuti nkhanizi zikayenda bwino, walima wina, wakolola wina. Ku SoHo, mumzinda wa New York, ojambula analowa m'mafakitale akale m'zaka za m'ma 1960, n'kudzikonzera okha mapaipi ndi magetsi. Mu 1971 mzindawo unawalola mwalamulo kukhala m'menemo. Dera litatchuka, lendi inakwera; m'zaka za m'ma 1990 malo ambiri oonetsera zithunzi anasamukira ku Chelsea, dera lina la mumzinda womwewo, m'malo mwake n'kulowa mashopu a zovala zodula.

N'chifukwa chake pangano la masiku 30 ndimaliona ngati loyesera chabe. Bungwe la Acme ku London linayamba mu 1972 m'nyumba zodikira kugumulidwa, koma pambuyo pake linayamba kugula nyumba zakezake, ndipo mpaka lero likubwereketsa zipinda zogwiriramo ntchito pa mtengo wotsika. Aluso akaona kuti msewu wayamba kudzaza, imeneyo ndi nthawi yokakambirana ndi mwini nyumba, asanadzuke n'kuona kuti malo ake akwera mtengo. Alembetse gulu lawo kuti lizisaina ngati munthu mmodzi, apemphe zaka 10, papepalapo palembedwe malire a kukwera kwa lendi chaka chilichonse, palembedwenso kuti ndalama zimene agwiritsa ntchito pokonza denga ndi magetsi zidzachotsedwa pa lendi. Ngati nyumbayo ndi ya khonsolo, apemphenso kuti ikadzagulitsidwa, iwo adzakhale oyamba kufunsidwa.