Chimkuzamawu sichingakuchitireni umboni

Zimene zinachitika m'basi yopita ku Blantyre Loweruka lapitali zikundiwawabe. Basi ili pa depoti kudikira kudzaza, mlaliki anakwera, Baibulo kukhwapa, n'kuyima pakati pa mipando. Anakuwa mpaka basi kudzaza, anakuwa mpaka kutuluka m'tauni. Zidakwa, mahule, atsikana ovala mathalauza, onse anawatumiza ku Gehena. Chakutsogolo kunali mayi wina akulira motsitsa, chitenje kukamwa, ndipo basi yonse inamva pamene amayankha foni kuti akupita kumaliro a mwana wake. Mlaliki sanamuone n'komwe. Atamaliza anayendetsa chipewa cha "thiransipoti ya mtumiki wa Mulungu", n'kutsika.

Mlalikiyo musiyeni. Amene andikwiyitsa ndi Akhristu amene anadzaza basiyo. Anayankha Amen, anaponya ndalama m'chipewa, n'kubwerera pa mafoni awo mitima ili m'malo, ati uthenga wafalitsidwa. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatembenuka kunena kuti, "Pepani mayi, chagwa n'chiyani?"

Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu pafupifupi 77 mwa 100 aliwonse m'dziko muno amati ndi Akhristu. Ndiye kuti m'basi ya anthu 60 mumakhala Akhristu oposa 40. Onsewo kusiyira ntchito munthu mmodzi wokuwa! Ntchito youza anthu za Yesu ndi yanu, inu amene mukuwerenga, ndipo imagwiridwa pa munthu mmodzi amene mwayandikana naye. Simungailembere waganyu. Simungaigule ndi K500 ya m'chipewa. Kaya ndi manyazi, kaya ulesi, kaya tinazolowetsedwa kuti zonse ndi za abusa, zimenezo mudzaziwa nokha, ntchito ikadali pomwepo.

Tsegulani Machitidwe 8. Chizunzo chitabuka ku Yerusalemu, amene anabalalika anali okhulupirira wamba, atumwi anatsala mumzinda. Ndipo obalalikawo ndi amene anapita nawo mawu kulikonse kumene anafika. Mpingo wa ku Antiokeya, kumene dzina loti Akhristu linayambira, unayambitsidwa ndi anthu a ku Kupro ndi ku Kurene amene Machitidwe 11 satchula ndi mayina awo omwe. M'mutu 8 womwewo muli Filipo ndi nduna ya ku Itiyopiya, ndipo nkhaniyo inachitikira pa galeta, ulendo uli mkati. Filipo anayandikira, anamva kaye zimene munthuyo amawerenga m'buku la Yesaya, anafunsa funso limodzi ngati akumva tanthauzo lake, ndipo anakwera atachita kuitanidwa. Anayambira pa ndime imene mwini wake anali nayo m'manja. Ulaliki wa paulendo ndi umenewo. Wokwera mmodzi, funso limodzi, chipewa panalibe.

Mwina mukuti simudziwa poyambira. Tengani pepala mulembe mayina atatu. Atatu okha, a anthu amene mumawaona sabata iliyonse: mnzanu wa pa benchi la pamsika, mlonda wa kuntchito, mlamu wanu, mtsikana amene amakuchapirani. Muziwatchula mayina popemphera m'mawa uliwonse. Amene amayamba ndi "dziko lonse la Malawi" amathera osalankhula ndi wina aliyense. Andreya anayamba ndi m'bale wake Simoni. Munthu amene Yesu anamutulutsa ziwanda pa Marko 5 anapempha kuti aziyenda naye, Yesu anamubweza kwawo kuti akauze abale ake zimene zamuchitikira.

Mukafika pakhomo nenani odi, dikirani mpando kapena mphasa, perekani moni wonse mpaka kufunsa ana. Musafike nthawi imene mphika wa nsima uli pamoto, kapena m'mamawa nyengo yopalira anthu makasu ali paphewa. Madzulo a Loweruka kapena Lamulungu masana ndi bwino. Ulendo woyamba usapitirire mphindi 20, ndipo zambiri mwa mphindizo muzimvetsera. Funsani kuti zinthu zikuyenda bwanji pakhomopo, kenaka tsekani pakamwa. Munthu adzakuuzani yekha pamene pakupweteka, kaya ndi mwana wodwala, kaya banja likugwedezeka, kaya katapila wamufinya. Uthenga umalowera pamenepo. Yesu pachitsime cha ku Samariya anayamba ndi kupempha madzi akumwa, nkhani ya amuna asanu a mayi uja inabwera pambuyo, ndipo panalibe khamu lomvetsera. Ife timayambira pa amuna asanuwo, pagulu, ndi chimkuzamawu.

Umboni wanu ukhale wokonzeka ndipo usapose mphindi zitatu. Munali wotani, munamudziwa bwanji Yesu, chasintha n'chiyani. Unenereni kaye kwa mkazi wanu kapena mnzanu wa ku mlaga, kagulu ka mapemphero ka m'dera lanu, akuyang'ana wotchi, mudzadabwa kuti mwadya mphindi khumi musanatchule Yesu. Cholakwika chachikulu pano ndi kukometsera zakale. Munthu amatha mphindi zisanu ndi zitatu kufotokoza mmene ankamwera kachasu ndi mmene ankamenyera anthu pa bala, nkhope ikuwala, za Yesu n'kungodutsapo. Ena amanama kumene, ati ndinali mfiti ndinkauluka pa lichero, poganiza kuti umboni wopanda zoopsa sugwira mtima. Ngati munabadwira mu mpingo ndipo simunaphepo munthu, nenani zomwezo. Nenani chimene chinakugwirani mtima pamene bambo anu anamwalira kapena ntchito itatha. Womvera amafanana nazo zimenezo kuposa za lichero.

Chotsaninso chilankhulo cha m'tchalitchi. Kuuza munthu amene sanalowepo m'kachisi kuti asambitsidwe m'mwazi wa Mwanawankhosa n'kumuopseza chabe. Kudzoza, kumasulidwa, kutsegukira kwa kumwamba, mawu amenewa mumamvana nokhanokha. Nenani kuti Mulungu amakhululukira, kuti Yesu anafa chifukwa cha zolakwa zathu ndipo anauka. Vesi limodzi likwanira, Yohane 3:16 kapena Aroma 5:8, ndipo mupatseni Baibulo awerenge yekha ndi maso ake. Ngati sadziwa kuwerenga, werengani pang'onopang'ono kawiri. Chichewa cha Buku Lopatulika ndi cha 1922, ana a lero mawu ena amawaphonya, choncho ngati muli ndi Buku Loyera la 1998 tengani limenelo polankhula ndi wachinyamata. Mavesi khumi otsatizana amangoonetsa kuti mumaloweza, munthu amachoka osagwira ndi limodzi lomwe.

Pemphero limapemphedwa chilolezo. "Kodi ndingakupempherereni?" Akakana, thokozani, mukapemphere kwanu. Akavomera, mphindi imodzi, mawu otsika, tchulani dzina lake ndi vuto limene wakuuzani. Musamugwire mutu, musamukankhe kuti agwe, musayambe malilime pakhonde la eni ake mpaka anthu oyandikana nawo kutuluka kudzaonerera. Mawa munthuyo adzakhala nkhani ya pa mjigo, ndipo akadzakuonani mukubwera adzatuma mwana kuti anene kuti kulibe. 1 Petro 3:15 amati tikhale okonzeka kuyankha aliyense wofunsa za chiyembekezo chathu, koma mofatsa ndi mwaulemu. Onani kuti akunena za munthu amene wafunsa. Miyambo 27:14 ndiye sabisa: wodalitsa mnzake mokuwa m'mamawa, amamutenga ngati akutemberera. Amene mumayatsa zimkuzamawu 4 koloko m'bandakucha m'makwalala a ku Ndirande ndi ku Kawale, anamwino ochokera ku ntchito ya usiku akungogona kumene, vesi limeneli munalidumpha?

Pali zina zimene zimapha umboni usanatuluke pakamwa. Ngati muli ndi ngongole pa okala ya munthu kuyambira mwezi wathawu, bwezani kaye, Baibulo libwere pambuyo. Ngati wantchito wanu simunamulipire miyezi iwiri, musamuitanire ku mapemphero a m'nyumba, akungoona malipiro ake pa nsapato zanu zatsopano. Ngati ndinu bwana, dziwani kuti wapansi panu adzavomera chilichonse kuopa kuchotsedwa, ndiye "inde" wakeyo musamuwerengere. Lankhulani naye nthawi ya nkhomaliro, mumuuze poyera kuti kukana sikukhudza ntchito yake. Abambo, musamapite nokha kukalalikira mkazi wa mwini mwamuna wake kulibe. Yesu anatuma ophunzira awiriawiri pa Luka 10, inunso tengani mnzanu, ndipo kwa amayi kuzipita amayi a Mvano kapena a Chigwirizano. Nkhani zambiri zonyansa za m'mipingo zinayambira pa "tikungopemphera".

Kuchipatala ndiye kumachitika zomvetsa manyazi. Lowani nthawi yoonera odwala, pemphani kwa namwino ndi kwa amene akudikirira wodwalayo, imani pa bedi limodzi, lankhulani motsitsa chifukwa bedi loyandikana nalo pali munthu amene wangochoka ku opaleshoni. Nyamulani sopo, shuga kapena phala, Yakobo 2 ananena kale za munthu wouza wanjala kuti akhute osamupatsa kanthu. Ndipo musayerekeze kuuza munthu kuti asiye ma ARV, mankhwala a BP kapena a shuga poti mwamupempherera. Kumeneko n'kupha. Musalonjezenso zimene Mulungu sanakutumeni, kuti ukalandira Yesu upeza ntchito mwezi uno, ubereka chaka chino, visa ituluka. Mwezi ukatha ntchito osaoneka, munthuyo amataya inu ndi Yesu yemwe, ndipo wobwera pambuyo panu adzapeza chitseko chokhoma.

Pamaliro thandizani kutunga madzi, bweretsani nkhuni, gonani pa siwa. Ulaliki alipo kale amene apatsidwa. Nthawi yanu ndi pakatha masabata awiri, anthu onse atabalalika, namfedwa atatsala yekha ndi ana. Pamenepo ndi pamene amafunsa kuti Mulungu anali kuti, ndipo pamenepo ndi pamene Akhristu sitioneka.

Anzathu Achisilamu, amene kalembera yemwe uja anapeza kuti ndi pafupifupi 14 mwa 100 aliwonse, musawayambe ndi kunyoza chipembedzo chawo. Ku Mangochi ndi ku Machinga anthu amakhala banja limodzi ena kumzikiti ena kutchalitchi, mukatukwana mwatukwana amalume a munthu. Amamulemekeza kale Yesu, amamutcha Isa, yambirani pamenepo. Musawaitanire chakudya masana m'mwezi wa Ramadan, musawaikire nkhumba. Mkangano mukhoza kupambana, koma munthuyo simudzamuonanso. Akakufunsani chimene simukuchidziwa, nenani kuti mukafufuza, ndipo mubwerenso ndi yankho tsiku limene mwanena.

Kubwereranso kumeneku ndi kumene kumasiyanitsa mboni ndi wokuwa. Wokuwa amatsika basi, sadziwa dzina la munthu ndi mmodzi yemwe. Inu bwererani sabata isanathe. Akafuna kudziwa zambiri, werengani naye Marko, uli ndi mitu 16 yokha, mutu umodzi pa sabata ndi miyezi inayi. Mufunse kuti waonapo chiyani za Yesu, chamuvuta n'chiyani, achitapo chiyani. Akavomera kupita kutchalitchi musangomulozera njira. Kamutengeni pakhomo pake, khalani naye benchi limodzi, munong'onezeni nthawi yoimirira, muuzeni kuti mbale ya chopereka ikhoza kumudutsa popanda mlandu, muuzeni kuti zovala zimene ali nazo n'zokwanira. Mukatuluka muonetseni kwa anthu awiri kapena atatu, kenaka mupite naye ku mphakati kapena ku mlaga kumene anthu ndi ochepa ndipo adzadziwa dzina lake. Ambiri amabwera kamodzi, palibe wowapatsa moni, osabweranso, ife n'kumati mbewu inagwera pamwala.

Ndipo musathamange. Amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, koma munthu woyamba kubatizidwa, Albert Namalambe, anabatizidwa mu 1881. Inu mukufuna mlamu wanu atembenuke Lachiwiri poti munamulankhula Lolemba. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kukopa wa CCAP kuti apite ku Assemblies, kapena wa Katolika kuti apite ku Seventh Day, musamakutchule kuti kufalitsa uthenga. Mwangosamutsa munthu kuchoka pa benchi lina kupita pa lina, amene sapemphera kulikonse akadali pomwe analiri, pa bawo paja, palibe wawayandikira.

Nanunso a pa WhatsApp ndi Facebook musadzitame. Chithunzi cha Yesu cholembedwa kuti "lembani Amen ngati simuchita naye manyazi", uthenga woti tumizani kwa anthu 10 mulandire chozizwitsa pasanathe maola 24, mukapanda kutumiza muona tsoka, zimenezo ndi ziopsezo zofanana ndi za asing'anga a pa mapepala omata m'mitengo ya magetsi. Mumatumiza m'gulu la makolo a kusukulu, m'gulu la banki m'khonde, m'gulu lokonza ukwati, 5 koloko m'mawa, kanema wa mphindi 40 wodya bandulo ya anthu. Anthu anakuikani kale pa mute. M'foni yomweyo muli nambala ya msuweni wanu amene banja lake linatha mu Janyuwale, simunamuyimbirepo.